Masabata Makumi Awiri ndi Asanu ndi Limodzi

Nyumba yanga ya ku Merthyr inali ndi masitepe khumi ndi atatu.
Bondo langa lakumanzere linkawadziwa onse.
Lachisanu ndi chiwiri linkalira ukaliponda,
ndipo Emrys ankati alikonza Loweruka.
Emrys tinamuika zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Lowerukalo silinafike.

Nthawi yonseyo boma silinkaiona nyumbayo.
Makoma, denga, kamunda ka kabichi kuseri,
kwa iwo zonsezi zinali mphepo chabe.
Ankangowerenga kapenshoni kanga
n'kuwonjezerapo pang'ono Lolemba lililonse,
kokwanira gasi, magetsi ndi tiyi.

Ndiye ndinaigulitsa.
Mtsikana woyembekezera anayeza khitchini ndi maso
ine ndili chiimire momwemo.
Tsiku lomwelo njerwa zanga zinasanduka manambala,
ndipo boma, lakhungu zaka makumi anayi,
linaphenyula maso onse awiri.

Mnyamata wa pafoni, Gethin, anali waulemu.
Anati: Mayi Pritchard, mtima m'malo,
ndalama za nyumbazi sitiziwerenga
malinga ngati mugulire ina yokhalamo,
kwa masabata makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.
Akapitirira, mutiuze chifukwa. Tidzaona.

Tidzaona.
Mawu amenewo ndinagona nawo ngati mwala kunsi kwa pilo.

Tsopano ndimagona kwa mwana wanga Carys,
pakati pa makatoni ndi njinga ya mdzukulu,
kalendala ili pamsomali, cholembera chili pachingwe.
Kanyumba ndinakapeza kale, kapansi, ku Pontypridd,
koma mwini wake akudikira wina,
winayo akudikira winanso,
unyolo wa anthu osadziwana nkhope,
ndipo kumapeto kwake kuli nkhalamba ina ya ku Neath
yomwe ikukayika kusiya mtengo wake wa maapozi.
Sindiida. Koma ndimaitchula m'pemphero mokuluwika mano.

Ku banki ndine mayi wolemera.
M'sitolo ndimanyamula batala, ndiwerenga mtengo,
ndi kumubweza pashelefu.

Usiku wina ndinawerengera kuseri kwa envulopu.
Ndikalipira kanyumbako, loya, ndi anyamata a lole,
patsala mapaundi zikwi khumi ndi zinayi.
Akuti zikwi khumi zoyambazo sazikhudza,
koma mazana asanu alionse opitirira pamenepo
amabereka paundi imodzi pasabata.
Ndinatsegula buku la banki kuti ndione anawo.
Munalibe ngakhale kulira kwa khanda.
Komabe adzandidula mapaundi asanu ndi atatu
chifukwa cha ana osabadwa.

Ndinati basi, ndimupatse Osian agule galimoto,
mwana wakhala akukwera mabasi awiri kupita kuntchito.
Carys anandigwira dzanja:
Amayi, mukapereka kuti zichepe,
aziwerengabe ngati zili m'chikwama mwanu.
Kodi ndalama nazo zili ndi mizukwa?
Walira mvula walira matope, ndinavomera,
koma ine ndinalirira bondo lokha.

Sabata la khumi ndi chisanu ndi chinayi, zii.
La makumi awiri, loya ali patchuthi.
La makumi awiri ndi chiwiri ndinasiya kudula mizere,
cholembera chinangolendewera.

Lachinayi lina kukuwaza kamvula, foni inalira.
Nkhalamba ya ku Neath yasaina.
Akuti yadula kanthambi kukabzala komwe ikupita.

Kiyi anali wopepuka, wachilendo m'manja.
Ndinalembera Gethin kalata, manambala onse poyera,
kuti boma litsinzinenso diso limodzi,
linalo likhale pa zotsalazo. Likhale.

Usiku woyamba ndinazima nyali pabalaza,
kupita kukagona mumdima monga mwa masiku onse,
ndipo pakhomo la chipinda
bondo lakumanzere linadzuka lokha,
kufunafuna sitepe loyamba.